Zoyenera kudziwa polemba kontilakita wokonza nyumba

Kukonza nyumba yakale kumasiyana ndi kumanga yatsopano chifukwa kukula kwenikweni kwa ntchito kumadziwika mmisiri atayamba kale kugumula. Akachotsa siling'i m'pamene amapeza mitanda yodyedwa ndi chiswe, ndipo akaswa pansi m'pamene amaona paipi yodontha. Zikatero mtengo umasintha, ndipo ngati awiriwo anangopangana pakamwa, mkangano suchedwa kubuka.

Kusankha munthu wake

Malamulo a dziko lino amafuna kuti makontilakita azilembetsa ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga, lomwe ambiri amalidziwa ndi dzina loti NCIC. Pemphani kuona chiphaso chake ndipo muonetsetse kuti sichinathe mphamvu. Pitaninso kukaona nyumba ziwiri kapena zitatu zimene anakonzapo, makamaka zomwe zadutsa m'nyengo ya mvula, popeza denga lodontha ndi khoma long'aluka siziwoneka tsiku lolandira makiyi. Funsani eni ake ngati anamaliza pa nthawi yake. Mufunseninso ntchito zina zimene ali nazo pakadali pano, pakuti mapanga awiri avumbwitsa.

Tengani makotesheni kwa anthu osachepera atatu. Kotesheni yabwino imalekanitsa mtengo wa zipangizo ndi malipiro a amisiri, ndipo imatchula kuchuluka kwa chilichonse: matumba a simenti a makilogalamu 50, malata ndi geji yake, matailosi ndi penti. Yotsika kwambiri kuposa zinzake kawirikawiri imakhala kuti yasiya zina zomwe mudzalipire m'tsogolo.

Mgwirizano wolemba

Ngakhale kontilakitayo akhale mbale wanu kapena mnzanu wa kumpingo, mgwirizano ulembedwe ndipo nonse musaine pamaso pa mboni. Utchule ntchito yonse chipinda ndi chipinda, tsiku loyamba ndi lomaliza, wogula zipangizo, wozisunga usiku, komanso wochotsa zinyalala. Utchulenso chochita mitengo ikakwera ntchito ili mkati. Amene ankamanga mu November 2023, pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, akudziwa kufunika kwa mfundo imeneyi.

Ntchito iliyonse yoonjezera, kaya ndi kusuntha chitseko kapena kusintha mitanda yovunda, ilembedwe pamodzi ndi mtengo wake isanayambe kugwiridwa.

Kalipiridwe

Musapereke ndalama zonse poyamba. Gawani malipiro motsata magawo a ntchito, monga akamaliza kugumula, akakhoma denga, akaika pulasitala ndi akapaka penti, ndipo muzilipira mutaona ndi maso anu. Lipirani kudzera ku banki kapena pa foni kuti pakhale umboni, ndipo sungani malisiti onse. Pa ntchito zomangamanga ndi mwambo kusunga kagawo ka ndalama, kawirikawiri 5 kapena 10 peresenti, kufikira patapita miyezi yomwe munagwirizana, kuti kontilakita abwere kudzakonza zolakwika zomwe zaoneka pambuyo pake.

Zilolezo

Kupaka penti kapena kusintha matailosi sikufuna chilolezo, koma kuonjezera chipinda kapena kusintha kamangidwe ka nyumba m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba kumafuna mapulani ovomerezedwa ndi khonsolo. Chomangidwa popanda chilolezo chikhoza kugwetsedwa, ndipo woluza ndi mwini nyumba. Mawaya a magetsi aikidwe ndi munthu wokhala ndi chilolezo cha bungwe la MERA, ndipo mita ya ESCOM kapena ya bungwe la madzi isasunthidwe eni ake osadziwa.

Ntchito ili mkati

Fikani pamalopo pafupipafupi, koma malangizo muzipereka kwa kontilakita kapena folomani, osati kwa mmisiri aliyense payekha. Musafulumizitse konkire: imafunika kuthiriridwa madzi kwa masiku osachepera asanu ndi awiri, ndipo imafika pa mphamvu yoyembekezeka patatha masiku 28. Ntchito yosasula denga ndi bwino ithe mvula isanayambe mu November.

Pa tsiku lolandira ntchito, yendani naye nyumba yonse. Tsegulani mipopi, yesani masoketi, zitseko ndi mawindo, ndipo lembani chilichonse chosakhala bwino. Ndalama za gawo lomaliza ziperekedwe zonse za pa mndandandawo zitakonzedwa.