Kuonerera ndege zankhondo pa bwalo la Lakenheath: zooneka kumeneko ndi malire ake

Kum'mawa kwa dziko la England, m'chigawo cha Suffolk, kuli bwalo la ndege zankhondo lotchedwa RAF Lakenheath. Malowo ndi a boma la Britain, koma ndege ndi asilikali okhalamo ndi a dziko la America. Kunja kwa mpanda wake, pafupi ndi msewu wa A1065 wopita ku tauni ya Brandon, kuli malo oimikapo magalimoto amene adapatulidwira anthu wamba ofuna kuona ndege zikunyamuka ndi kutera. Pamalopo salipiritsa ndipo safunsa chikalata chilichonse. Tsiku lililonse la ntchito pamasonkhana anthu okhala ndi makamera, magalasi oonera patali ndi timabuku tolembamo manambala a ndege.

Chizolowezi chimenechi ndi chololedwa ku Lakenheath, koma m'maiko ena chidalowetsapo anthu m'ndende pa mlandu wa ukazitape. Kusiyana kwake kwagona pa malamulo a dziko ndi pa malire amene eni bwalo aika, ndipo woonerera aliyense amayenera kudziwa malirewo asanatulutse kamera m'chikwama.

Mbiri ya bwaloli

Bwalo la Lakenheath lidamangidwa pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndipo poyamba linkagwiritsidwa ntchito ndi asilikali a Britain. Gulu la asilikali a America limene lili pamalopo lero, la 48th Fighter Wing, lidasamukira kumeneko m'chaka cha 1960 kuchokera ku France.

Dzina la bwaloli lidamveka mu Africa mu Epulo 1986, pamene ndege za mtundu wa F-111 zidanyamuka pamenepo kukaphulitsa malo ena mumzinda wa Tripoli ku Libya. Dziko la France lidakana kuti ndegezo zidutse mumlengalenga mwake, choncho zidazungulira kunyanja ndipo zidamwetsedwa mafuta kangapo zili m'mwamba. Ndege imodzi sidabwerere, ndipo asilikali awiri amene adali m'menemo adamwalira.

Ndege zimene zili pamalopo

Masiku ano pabwaloli pali mitundu iwiri ya ndege zomenyera nkhondo. Woyamba ndi F-15E Strike Eagle, ndege ya injini ziwiri yokwera anthu awiri: wakutsogolo amayendetsa, wakumbuyo amayang'anira zida ndi makina osakira adani. Wachiwiri ndi F-35A, ya injini imodzi ndi mpando umodzi, imene idapangidwa mwakuti makina a radar azivutika kuiona. Ndege zoyamba za mtunduwu zidafika ku Lakenheath mu Disembala 2021.

Kuchipsepse kwa ndege iliyonse ya pabwaloli kumalembedwa zilembo ziwiri, LN, pamodzi ndi nambala yake. Ndege za F-15E zimakhalanso ndi kamzere kamtundu kunsonga ya chipsepse kosonyeza gulu lake: kobiriwira ngati mtambo ndi ka gulu la 492, kofiira ndi ka gulu la 494. Manambala ndi timizere timeneti ndi timene oonerera amalemba m'timabuku tawo, ena kwa zaka makumi angapo, mpaka kudziwa mbiri ya ndege iliyonse payokhapayokha.

Pamtunda wa makilomita ochepa kuchokera pamenepo pali bwalo lina, RAF Mildenhall, kumene kumakhala ndege zikuluzikulu za KC-135 zonyamula mafuta. Ntchito yake ndi kumwetsa ndege zinzake zili mumlengalenga, kuti zisamachite kutsika pansi mafuta akachepa.

Zimene woonerera amaona

Maphunziro a ndege amachitika makamaka kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Nthawi yeniyeni yonyamukira salengeza, ndipo nyengo ikaipa kapena ndege zikatumizidwa kudziko lina, munthu amatha kudikira tsiku lonse osaona kanthu. Ndege zimanyamuka ndi kutera moyang'anana ndi mphepo, motero mbali ya msewu wa ndege imene igwire ntchito tsikulo imadalira kumene mphepo ikuchokera. Oonerera ozolowera amayamba aona za nyengo asanachoke kunyumba.

Ndege isananyamuke imaima kaye chakumapeto kwa msewu wake. Pamenepo akatswiri okonza ndege amaizungulira komaliza, kuona ngati pali podontha mafuta, pomwe chitseko chaching'ono sichidatsekeke bwino kapena tayala lavulala, nachotsa timapini totsekera zida. Akakhutira amapereka chizindikiro ndi manja, ndipo woyendetsa amalowa mumsewu.

Ponyamuka, woyendetsa nthawi zambiri amayatsa mbali ya injini yotchedwa afterburner, imene imathira mafuta m'mpweya wotentha wotuluka kumbuyo. Zikatero kumbuyoko kumatuluka lawi lalitali, mphamvu ya injini imawonjezeka kwambiri, ndipo phokoso lake limagwedeza chifuwa cha munthu woima kunja kwa mpanda. Njira imeneyi imadya mafuta ochuluka zedi, n'chifukwa chake amaizimitsa ndege ikangokwera.

Ndege zankhondo siziyenda imodziimodzi kawirikawiri. Zimanyamuka ziwiriziwiri kapena zinayizinayi, pakuti pankhondo wina amatsogolera pamene mnzake akumuteteza. Gawo lalikulu la maphunziro limachitikira kutali ndi maso a anthu, pamwamba pa nyanja ya North Sea, kumene oyendetsa amayeserera kuthamangitsana ndi kuzembana, komanso kumalo ophunzirira kuponya mabomba m'mphepete mwa nyanja, monga ku Holbeach m'chigawo cha Lincolnshire. Pokhota mwamphamvu, thupi la woyendetsa limatha kulemera kasanu ndi kanayi kuposa mmene lilili, ndipo magazi amathawira kumiyendo. Pachifukwachi amavala chovala chimene chimafufuma ndi mpweya n'kufinya miyendo ndi mimba kuti asakomoke.

Woonerera wa pampanda amaona chiyambi ndi mathero a zonsezi. Pobwerera, ndegezo zimafika zili mondondozana pafupipafupi, zimadutsa pamwamba pa msewu wotererapo zili pa liwiro, kenako zimapatuka imodziimodzi, iliyonse n'kukhota mozungulira kuti ichepetse liwiro isanatere. Kabweredwe kameneka kamathandiza kuti ndege zambiri zitere m'kanthawi kochepa. Nthawi zina woyendetsa amatsika mpaka pafupi ndi pansi, n'kuwonjezeranso moto n'kukwera osaima. Wosadziwa angaganize kuti walephera kutera, pamene akungobwereza phunziro lake.

Zigwa za ku Wales

Ofuna kuona maphunziro enieniwo amapita kumapiri a ku Wales, kudera la pakati pa matauni a Dolgellau ndi Machynlleth. Zigwa za kumeneko zimalumikizana mozungulira ndipo zimadziwika ndi dzina lakuti Mach Loop, lochokera ku dzina la tauni yachiwiriyo. Malamulo a Britain amalola ndege zankhondo kutsika kumeneko mpaka mamita 76 kuchokera pansi.

Cholinga cha kuuluka motsika chonchi ndi kuphunzira kubisala kuseri kwa mapiri, pakuti makina a radar a pansi saona chimene chili kuseri kwa phiri. Oonerera amakwera zitunda monga za Cad East, Cad West ndi Bwlch, ndipo ndege zimadutsa m'munsi mwawo, mwakuti amatha kuona chisoti cha woyendetsa. Kumeneko kumadutsa ndege za ku Lakenheath, ndege za Typhoon za asilikali a Britain, komanso za Hawk ndi Texan zochokera ku RAF Valley pachilumba cha Anglesey, kumene oyendetsa atsopano amaphunzirira.

Mapiri amenewa ndi malo odyetserako nkhosa, ndipo alimi ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akudandaula za phokoso komanso za alendo oimika magalimoto potchinga njira ndi kusiya zipata zotsegula. Ufulu wa oonerera kumeneko umadalira kwambiri kuleza mtima kwa eni minda.

Ngozi zake

Maphunziro amenewa amatayitsa miyoyo. Pa 15 Juni 2020 ndege ya F-15C ya ku Lakenheath idagwera m'nyanja ya North Sea ili pa maphunziro, ndipo woyendetsa wake adamwalira.

Oonerera nawo sakhala kutali ndi ngozi. Ku America, m'dera la Death Valley ku California, kuli chigwa cha Rainbow Canyon chimene chidatchuka mofanana ndi Mach Loop. Pa 31 Julayi 2019 ndege ya F/A-18E ya asilikali a pamadzi idawomba khoma la chigwacho pafupi ndi pamene anthu amaima. Woyendetsa adafera pomwepo, ndipo alendo asanu ndi awiri ochokera ku France adavulala. Zitachitika izi, akuluakulu a asilikali adaimitsa kudutsa kwa ndege m'chigwacho.

Palinso ngozi zosaoneka msanga. Phokoso la injini za ndege zankhondo limawononga makutu, makamaka a ana, motero zotsekera m'makutu ndi zofunika. Kuima molunjika kumapeto kwa msewu wa ndege n'koopsa chifukwa cha mphepo yotentha ya injini komanso chifukwa ndege yolephera kunyamuka imathera komweko.

Chifukwa chimene asilikali amalolera

Asilikali amadziwa kuti ndege ikakwera m'mwamba sangaibise, ndipo anthu ofuna kuiona adzabwera ndithu. Kuwapatsa malo amodzi odziwika kumachepetsa chipwirikiti pamsewu ndiponso kumathandiza alonda kudziwa amene ali pafupi ndi mpanda. Oonerera ozolowera amadziwana, ndipo amazindikira msanga munthu wachilendo amene maso ake ali pa zipata ndi alonda m'malo mwa ndege.

Maso awo adapulumutsapo ndege. Mu Julayi 2021 woonerera wina ku Lakenheath adaona nthethe za moto zikutuluka kumbuyo kwa ndege ya F-15E pamene inkanyamuka. Ataona kuti ndegeyo ikupitiriza ulendo ngati palibe vuto, adaimba foni kubwaloko. Uthenga udafika kwa woyendetsa, ndipo mnzake wouluka pambali atayang'anitsitsa adapeza kuti kumapeto kwa injini imodzi kudawonongeka. Ndegeyo idabwerera n'kutera bwinobwino, ndipo patapita masiku woyendetsayo adapita kumpanda kukamuthokoza munthuyo pamaso.

Pamene kuonerera kumasanduka mlandu

Mu Novembala 2001 apolisi a ku Greece adamanga anthu 14, mwa iwo 12 a ku Britain ndi awiri a ku Netherlands, pa bwalo la ndege zankhondo la Kalamata. Anthuwo adapita kumeneko pa tsiku limene asilikali adatsegulira anthu wamba zipata, ndipo m'timabuku tawo mudali manambala a ndege ochokera m'mabwalo angapo. Kwa apolisi ndi oweruza a ku Greece, kumene chizolowezichi sichinkadziwika ndipo kudali kusakhulupirirana ndi dziko loyandikana nalo la Turkey, zolembazo zidaoneka ngati ntchito ya akazitape.

Adakhala m'ndende kupitirira mwezi asanatuluke pa belo. Mu Epulo 2002 bwalo la milandu lidawapeza olakwa, ndipo asanu ndi atatu mwa iwo adagamulidwa zaka zitatu. Mu Novembala chaka chomwecho bwalo la apilo lidafafaniza chigamulocho kwa amene adabwerera kukadandaula, koma apa n'kuti chaka chathunthu ndi ndalama zambiri zitapita. M'chaka cha 2015 amuna atatu a ku Britain adasungidwanso m'chitokosi pafupifupi miyezi iwiri ku United Arab Emirates atapezeka akulemba manambala a ndege pafupi ndi bwalo la Fujairah.

Ngakhale ku Britain komweko ufuluwu uli ndi polekezera. Lamulo la National Security Act la 2023 limateteza malo a asilikali ndipo limapatsa apolisi mphamvu zouza munthu kuti achoke kapena aleke zimene akuchita pafupi ndi malo oterowo. Kuwalitsa tochi ya laser pa ndege ndi mlandu umene chilango chake chimafika zaka zisanu m'ndende, malinga ndi lamulo la 2018. Kuulutsa tindege ta drone pafupi ndi bwalo n'koletsedwa, ndipo chitetezo chidakhwima mu Novembala 2024 pamene tindege tosadziwika eni ake tidaoneka pamwamba pa Lakenheath, Mildenhall ndi Feltwell.

Zoyenera kudziwa mlendo

Munthu wofuna kuonerera amayenera kuima pamalo okhawo amene adapatulidwa, osakwera kapena kutsamira mpanda, osajambula zipata, alonda ndi nyumba za m'kati. Amayenera kuyenda ndi chiphaso chake, ndipo wapolisi kapena msilikali akamufunsa ayankhe mosabisa chimene wadzera. Akauzidwa kuti achoke, achoke osakangana. Kwa munthu wokhala m'dziko la eni ndi chilolezo cha sukulu kapena cha ntchito, monga Amalawi ambiri okhala ku Britain, mlandu wokhudza chitetezo cha dziko ungathe kuwononga chilolezocho ngakhale kuti iye sadali ndi cholinga choipa.

Chofunika koposa ndi kufunsiratu za malamulo a dziko lililonse payekha, pakuti safunsa adadya phula. Kamera ndi kabuku zimene ku Lakenheath zidachititsa woyendetsa ndege kupita kumpanda kukathokoza ndi zomwezo zimene ku Kalamata zidaperekedwa m'bwalo la milandu ngati umboni.