Chaka Chimene Nyanja ya Chilwa Inaphwa

M'chaka cha 1968 Nyanja ya Chilwa inaphwa. Pamene panali madzi panatsala matope ong'ambika ndi dzuŵa, mabwato anagona pamtunda, ndipo asodzi a m'madera amene lero ndi maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe anasoŵa pogwira. Funso limene linali pakamwa pa aliyense linali lakuti: kodi madziŵa adzabweranso, nanga akadzabwera, nsomba zidzachokera kuti?

Pa nthaŵi imeneyo Yunivesite ya Malaŵi inali idakali yakhanda. Lamulo loikhazikitsa linaperekedwa mu 1964, ndipo maphunziro anayamba mu September 1965 ku Chichiri, mumzinda wa Blantyre, ndi ophunzira 90. Mkulu wake woyamba woyendetsa ntchito anali Dr Ian Michael. Aphunzitsi anali oŵerengeka, zipangizo zinali zochepa, ndipo nthambi iliyonse inali ndi mafunso akeake ofuna kufufuza. Koma mu 1966, madzi atayamba kale kutsika, Profesa Margaret Kalk wa nthambi ya maphunziro a zamoyo anatsogolera kafukufuku wa nyanjayi, amene anasonkhanitsa akatswiri a nthambi zosiyanasiyana. Ntchitoyi inatenga zaka 10, kufikira mu 1976.

Akatswiri a maonekedwe a dziko ndi nyengo ndiwo anafotokoza gwero la vutoli. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani imathira madzi m'menemo kuchokera ku mapiri a Zomba ndi Mulanje ndi zitunda za pakati pake, koma kumpoto kuli mtumbira wamchenga umene umailekanitsa ndi Nyanja ya Chiuta. Motero madzi amachoka pouma ndi dzuŵa basi. Popeza nyanjayi ndi yosaya, mvula ikachepa kwa zaka ziŵiri kapena zitatu zotsatizana, dzuŵa limamwa madzi ambiri kuposa amene mitsinje ikubweretsa.

Oyeza madzi anaonjezapo mfundo ina. Madzi akamauma, mchere umene uli m'menemo sumachoka, ndipo otsalawo amanka naŵaŵirabe. Nsomba zambiri zinayamba kufa nyanja isanaphweretu. Apa akatswiri a zamoyo anagaŵana ntchito: Clive Howard-Williams anafufuza madambo a njedza ozungulira nyanja, A. J. McLachlan anafufuza timphutsi ta m'matope timene nsomba zimadya, pamene Profesa Kalk ankayang'ana tizilombo tosaoneka bwino ndi maso toyandama m'madzi. Anapeza kuti mazira a tizilombo tina amatha kugona m'dothi louma kudikira madzi, ndi kuti nsomba zina zinapulumukira m'madambo ndi m'maiŵe a mitsinje. Madzi atabwerera mu 1969, milamba ndi matemba sizinachedwe kuchulukanso, koma makumba anatenga nthaŵi yaitali.

Komabe nyanja si madzi ndi nsomba zokha ayi. Profesa Swanzie Agnew wa nthambi ya jogalafe, pamodzi ndi Chinyamata Chipeta amene anadzakhala katswiri wa zachuma, analemba za asodzi ndi amalonda a nsomba: kumene nsomba zouma zinkapita, ndi mmene mabanja ankapezera zosoŵa zawo usodzi utaima. Zolemba zakale nazo zinathandiza. David Livingstone anafika pa nyanjayi mu April 1859 ndipo analemba kuti madzi ake anali oŵaŵirako. Malipoti a boma la atsamunda anaonetsa kuti madzi anatsikapo kwambiri kangapo m'mbuyomo. Motero zinadziŵika kuti kuphwa kwa 1968 sikunali chilendo, koma khalidwe la nyanjayo. Zonsezi zinasindikizidwa mu 1979 m'buku lotchedwa Lake Chilwa: Studies of Change in a Tropical Ecosystem. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo palibe nthambi imodzi imene ikadatha kulemba buku limeneli payokha.

M'zaka zomwezo nthambi zina zinali kutsegula njira zawo. Nthambi ya mbiri yakale, motsogozedwa ndi Profesa Bridglal Pachai, inkatuma ophunzira kumidzi kwawo kukafunsa agogo ndi mafumu za makolo, maufumu ndi maulendo a mitundu. Mu 1972 Pachai anasonkhanitsa zolemba za akatswiri ambiri m'buku la The Early History of Malawi. Kings Phiri anafufuza mbiri ya Acheŵa, Owen Kalinga mbiri ya ufumu wa Angonde ku Karonga, ndipo Bambo Matthew Schoffeleers anafufuza chipembedzo cha Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje. Agnew ndi Michael Stubbs anatulutsa buku la mapu, Malawi in Maps, m'chaka chomwecho cha 1972. Ku Bunda, m'boma la Lilongwe, kafukufuku anali wa mbeu, nthaka ndi ziŵeto. Chancellor College itasamukira ku Zomba mu 1973, inayandikira nyanja imene inkaifufuza, ndipo mu 1979 kumeneko kunatsegulidwa Centre for Social Research yofufuza za umoyo wa anthu m'midzi ndi m'mizinda.

Phindu la ntchito ya pa Chilwa linaoneka patapita zaka zambiri. Nyanja itaphwanso mu 1995, panali podalira. Zinali zodziŵika kale kuti mbeu ya nsomba imabisala m'madambo ndi m'maiŵe, choncho mafumu, asodzi ndi alangizi a boma oona za nsomba anakhazikitsa makomiti oteteza nsomba zotsala m'mitsinje kuti zisagwidwe zonse. Kenaka nyanjayi inalembedwa pa mndandanda wa madambo otetezedwa pansi pa pangano la maiko la Ramsar, ndipo inali yoyamba m'Malaŵi kulandira ulemu umenewu.

Yunivesite ija inakula, kenaka inagaŵika. Bunda inakhala maziko a LUANAR, ndipo mu 2021 Polytechnic inasanduka MUBAS, makoleji a zaudokotala ndi unamwino anapanga KUHeS, pamene Chancellor College inatsala ndi dzina la Yunivesite ya Malaŵi. Akatswiri amene kale ankakumana pansi pa denga limodzi tsopano ali m'masukulu osiyana, ku Zomba, Blantyre ndi Lilongwe. Nyanja ya Chilwa inaphwanso mu 2018, anthu okhala m'mbali mwake achuluka, ndipo mitengo ya m'mapiri otulutsa mitsinje yake yachepa. Mafunso a asodzi a 1968 akadalipo, ndipo yankho lake likufunabe woyeza madzi, wodziŵa nsomba, woŵerenga chuma ndi wosunga mbiri atakhala pamphasa imodzi.