Mbiri ndi Kagwiridwe Ntchito ka Malo Opangira Magetsi a Nkula A

Malo opangira magetsi a Nkula A ali pa mathithi a Nkula mu mtsinje wa Shire, m'malire a maboma a Neno ndi Blantyre. Anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1966, patangopita zaka ziwiri dziko la Malawi litalandira ufulu wodzilamulira, ndipo ndiwo malo aakulu oyamba opangira magetsi kuchokera ku madzi m'dziko muno. Nthawi imeneyo isanafike, matauni ankadalira makina oyendera dizilo ndi malasha ochokera kunja.

Chifukwa chosankhira Shire

Mtsinje wa Shire ndiwo wokhawo wotulutsa madzi m'nyanja ya Malawi. Pakati pa Matope ndi Chikwawa umatsika mamita oposa 300 kudzera m'mathithi otsatizana. Kutsika kumeneku ndiko kumapatsa madzi mphamvu. Komabe mtsinjewu uli ndi mbiri yophwa: kuyambira cha m'ma 1915, nyanja itatsika kwambiri, madzi anasiya kutuluka kwa zaka pafupifupi 20. Pachifukwa ichi, m'chaka cha 1965 boma linamanga Kamuzu Barrage ku Liwonde, yomwe zitseko zake zimasunga madzi m'dzinja ndi kuwatulutsa moyenera m'chilimwe.

Mmene magetsi amapangidwira

Pa Nkula pali damu laling'ono lomwe limapatutsa madzi a mtsinje. Madziwo amayamba adutsa pa zitsulo zosefa zinyalala, kenako amalowa mu ngalande ndi m'mapaipi akuluakulu otsetsereka. Akafika pansi amawomba mapiko a makina ndi kuwazungulitsa, ndipo makinawo amazungulitsa jenereta yomwe imatulutsa magetsi. Thiransifoma imakweza mphamvu ya magetsiwo kuti ayende mtunda wautali pa nthambo. Madzi sawonongeka ayi. Amabwerera mu Shire ndi kukagwiranso ntchito yomweyo ku Tedzani ndi ku Kapichira.

Kuchuluka kwa magetsi kumadalira zinthu ziwiri: utali womwe madzi akugwa ndi kuchuluka kwa madziwo. Utali susintha kwenikweni, koma madzi amachepa kapena kuchuluka malinga ndi mvula komanso mmene nthaka ikusamalidwira kumtunda.

Kukula kwa malowa

Poyamba Nkula A inali ndi makina atatu a mamegawati 8 aliwonse, onse pamodzi 24. Kufunika kwa magetsi kutakula, anamanga Tedzani, yomwe inayamba mu 1973, kenako Nkula B ya mamegawati 100, yomwe makina ake asanu anaikidwa pakati pa 1980 ndi 1992. Makina akale a Nkula A atatumikira zaka 50, anasinthidwa ndi thandizo la bungwe la Millennium Challenge Corporation la dziko la America. Ntchitoyi inatha mu 2018 ndipo mphamvu inakwera kufika pafupifupi mamegawati 36. Kuyambira mu 2017, malowa akuyendetsedwa ndi kampani ya EGENCO, pomwe ESCOM inatsala ndi ntchito yotumiza ndi kugawa magetsi.

Zomwe zimasokoneza ntchito

Mavuto aakulu a Nkula amachokera kumtunda. Mitengo ikadulidwa ndipo anthu akalima mpaka m'gombe la mtsinje, nthaka imakokoloka ndi kukadzaza damu, motero malo osungira madzi amachepa. Mchenga umaperesanso zitsulo za makina. Namasupuni ndi zinyalala zimatseka polowera madzi, ndipo makina amaimitsidwa kuti azichotse. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 anaimitsa makina pa Nkula, ndipo kutsika kwa nyanja mu 2016 ndi 2017 kunachititsa kuti magetsi azithima maola ambiri tsiku lililonse. Zikatero chigayo chimaima, wowotcherera zitsulo amataya makasitomala, ndipo mkaka ndi nsomba zimawonongeka m'mafiriji.

Udindo wa anthu okhala kumtunda

Alimi a m'maboma monga Mangochi, Machinga, Balaka, Ntcheu ndi Neno akulimbikitsidwa kusiya malire osalimidwa m'mbali mwa mitsinje, kuunda mizere yopingasa pa malo otsetsereka, kubzala udzu wa vetiva ndi mitengo, komanso kupewa kutentha tchire. Nthaka yotsala m'munda imapindulitsa mlimi pa zokolola, ndipo imasiya damu la Nkula ndi malo okwanira madzi oyendetsera makina.