Botolo la ku Tete lija, ndi dzina lomwe sindinalipeze

 Lero za feteleza tipume kaye. Ndikufuna ndikambe za botolo lija linabwera pa chiliza cha agogo mwezi wathawu, lija mng'ono wanga wa ku Tete analitulutsa m'chikwama litakulungidwa m'malaya ngati khanda.

Amene munalipo mukukumbukira. Amalume atangolawa anati, "Mphwanga, ili ndi thobwa la azungu, kutsekemera kwakeko! Dzaza kapu." Mng'ono wanga anawakaniza, "Ayi amalume, ameneyu sitimwera m'chipanda, ndi wa pang'onopang'ono." Iwo osamva. Mmene dzuwa limapendeka anali akuvina okha popanda ng'oma.

Botolo lopanda kanthulo ndinabwera nalo kunyumba. Palembedwa kuti Porto, Tawny, 10 anos, kenako 20%. Pali dzina la kampani, pali chidindo pakhosi. Ndinalitembenuza uku ndi uku kufuna dzina la munthu amene analima mphesa zake, koma njee. Basi mtima wa mlimi unandiwawa, ndipo ndakhala mausiku angapo ndikuwerenga pa foni mpaka mayi a kunyumba kudandaula za bandulo. Zomwe ndapezazo ndi izi.

Vinyo ameneyu dzina lake anatengera mzinda wa Porto ku Portugal, koma mphesa zake sizilimidwa mumzindamo. Zimalimidwa kumtunda kwa mtsinje wa Douro, pafupifupi makilomita 100 kuchokera kunyanja, m'mapiri otsetsereka oti ngolo siyingakwere. Dothi kulibe kwenikweni, ndi miyala yong'ambikang'ambika. Anthu anachita kuphwanya miyalayo ndi manja n'kumanga makoma ngati masitepe kuti apeze pobzala. Ife tikapanga akalozera masiku atatu timati msana wathyoka. Anzathuwo anasema phiri lonse.

Kapangidwe kake n'kosavuta kumva kwa ife odziwa chimera. Kale ankaponda mphesa ndi mapazi m'mathanki a miyala otchedwa lagares, ndipo minda ina ikuchitabe zimenezi. Madziwo akayamba kuwira, shuga amasanduka mowa. Koma pakapita masiku awiri kapena atatu, shuga asanathe, amathiramo mowa wotcheza kuchokera ku mphesa, wa mphamvu 77%. Tingoti kachasu wa mphesa. Muyeso wake ndi malita pafupifupi 115 a wotchezayo pa malita 435 a vinyo, kukwana mgolo umodzi wa malita 550. Kuwira kumaima pomwepo. N'chifukwa chake amatsekemera ngati wa ana koma mphamvu yake ili pakati pa 19 ndi 22%. Amalume anapusitsidwa ndi shuga ameneyu. Ndipo chachikulu n'chakuti vinyo wotere sasasa msanga. Amakhala zaka. Mfundo imeneyi muigwire, tibwererako.

Nanga zinayamba bwanji? Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600 Angerezi ankangokhalira kukangana ndi Afalansa, omwe ankawagulitsa vinyo. Amalonda a ku England anatembenukira ku Portugal. Mu 1703 mayiko awiriwa anasainirana pangano lotchedwa Methuen: nsalu za ubweya za ku England zizilowa ku Portugal, vinyo wa ku Portugal azilipira msonkho wotsika ku England kuposa wa ku France. Poti ulendo wa panyanja unkasasitsa vinyo, amalondawo ankathiramo mowa wotcheza pang'ono m'migolo. Anamanga nkhokwe zawo ku Vila Nova de Gaia, tsidya lina la mtsinje moyang'anana ndi Porto. Mayina mukuwaona pa mabotolo lero ndi a nyumba zamalonda za kumeneko: Kopke ya 1638, Warre's ya 1670, Taylor's ya 1692, Sandeman ya 1790, Graham's ya 1820. Mlimi ankalima, kuponda, n'kukweza migolo m'mabwato otchedwa rabelos kuti itsike ndi mtsinje. Ikafika ku Gaia, dzina lake linkathera padoko.

Msika utakoma, umbombo unalowa. Ena anayamba kusakaniza vinyo wabwino ndi wachabechabe wochokera kwina, n'kuthiramo madzi a tizipatso takuda ta mtengo wotchedwa sabugueiro kuti aoneke wofiirira bwino. Ife a fodya tisaseke, tikudziwa zomwe zimapezeka pakati pa belo lina likatsegulidwa ku okushoni. Ogula ku England anazindikira, mitengo inagwa m'zaka za m'ma 1750. Amalonda ankaloza alimi, alimi ankaloza amalonda.

Apa ndi pomwe analowerera nduna yaikulu ya mfumu, Sebastião José de Carvalho e Melo, amene pambuyo pake anadzatchedwa Marquês de Pombal. Mu 1756 anakhazikitsa kampani yoyang'anira vinyo yense wa ku Douro. Anadula malire a dera lololedwa, ndipo m'zaka zotsatira anazika miyala 335 yosonyeza minda ya vinyo wopita kunja. Ina ikadalipo mpaka pano. Analamula kuti mitengo ya sabugueiro izulidwe. Analetsanso kuthira manyowa m'minda yosankhikayo, poti manyowa amachulukitsa mphesa koma kukoma kumachepa. Tangoganizani mlangizi atabwera kudzatiuza zimenezo kuno!

Lamuloli linakweza mtengo, komatu linali ndi minga. Kampaniyo inatenganso mphamvu yogulitsa vinyo m'malo omwera a ku Porto, ndipo mu February 1757 eni mabala ndi anthu wamba anaukira. Boma linatumiza asilikali, ena ananyongedwa. Komanso Pombal mwiniyo, amene ankaletsa vinyo wa kunja kwa malire, anakonza zoti kampaniyo izigula vinyo wa kumunda kwake ku Oeiras, kufupi ndi Lisbon. Wodula malire sadzidulira kunja, abale.

Pa nkhani yothira wotcheza ija sikuti onse ankagwirizana. Mngerezi wina, Joseph James Forrester, amene anajambula mapu a mtsinje wa Douro, analemba kabuku mu 1844 kotsutsa mchitidwewu, kunena kuti ukuononga vinyo weniweni. Sanamumvere. Ogula anali atazolowera wotsekemera ndi waukali, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1800 njira imeneyi inakhazikika. Forrester anamira mu 1861 bwato litagubuduka pa mathithi a Cachão da Valeira, thupi lake osapezeka.

M'bwato lomwelo munali mayi wina amene anapulumuka, Dona Antónia Adelaide Ferreira. Anthu a kumeneko amasimba kuti mayiwo anayandama ndi siketi yawo yotambalala pomwe bamboyo anamizidwa ndi lamba wa ndalama zagolide, koma imeneyo ndi nthano ya pabwalo. Mayi amenewa ndi amene andigwira mtima. Anabadwira ku Douro komweko mu 1811, anamwalira mu 1896. Mwamuna wawo woyamba atamwalira iwo akadali wamng'ono, anagwira okha minda ndi malonda a banja la Ferreira, nyumba ya Apwitikizi enieni yoyambira mu 1751. Kusiyana kwawo ndi alimi ena kunali kotani? Anali ndi munda, analinso ndi nkhokwe. Sankakakamizika kugulitsa chaka chomwecho. Mitengo ikagwa ankasunga, ikakwera ankatulutsa.

Kenako linabwera tsoka. M'zaka za m'ma 1860 kanafika kachilombo kochokera ku America kotchedwa phylloxera, kangati nsabwe za m'masamba koma kodya mizu. Mpesa unkangofota, pakapita zaka zingapo wauma. Inu amene munalira ndi ntchemberezandonda, dziwani kuti chimanga chimabzalidwanso chaka chamawa, koma mpesa umafuna zaka zingapo kuti ubereke. Pofika m'ma 1870 minda yambiri inali itafa. Alimi ang'onoang'ono anagulitsa malo pa mtengo wolira, ambiri anasamukira ku Brazil. Masitepe a miyala osiyidwa aja akuonekabe m'mapiri, ndipo amawatcha mortórios, dzina lochokera ku mawu a imfa.

Mankhwala ake anapezeka kuti ndi kumezanitsa, monga timachitira ndi mango: tsinde la mpesa wa ku America, lomwe kachilomboko sikaliononga, pamwamba n'kulumikiza nthambi ya mpesa wakwawo. Dona Antónia anali m'gulu la omwe analimbikira kubzalanso, ndipo anapatsa anthu ntchito nthawi yomwe ena ankathawa. Ali okalamba anatsegula munda watsopano wa Vale Meão pa malo omwe anali tchire. Mpaka lero kwawoko amawatchula mwachikondi kuti Ferreirinha. Koma tinene zoona: amene anapulumuka anali amene anali ndi chosunga. Wopanda nkhokwe anapita.

Alimi otsalawo sanangokhala chete. Mu July 1915 anasonkhana ku Lamego kutsutsa pangano la malonda ndi Britain lomwe likadalola vinyo wa madera ena a Portugal kugulitsidwa ndi dzina la Porto. Asilikali anawombera, anthu anafa. Mu 1926 boma linalamula kuti vinyoyu asanapite kunja azisungidwa ndi kutumizidwa kuchokera ku Gaia kokha, ndiye kuti kwa eni nkhokwe. Mu 1932 alimi anakhala ndi bungwe lawo, Casa do Douro. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kunabwera dongosolo loika minda m'magiredi, kuyambira A mpaka F, poona kutalika kwa phiri, mtundu wa dothi, mtundu wa mpesa ndi zaka zake. Giredi imeneyo ndiyo imanena kuchuluka kwa mphesa zomwe mlimi aloledwa kusandutsa Porto chaka chimenecho. Iwo amati benefício, ife timati kota. Mpaka mu 1986 ndi pomwe lamulo linalola mlimi wa ku Douro kuthira vinyo wake m'botolo ndi kutumiza kunja kuchokera pamunda pake, ndi dzina la munda wake. Werengani: kuchokera 1756 kufika 1986 ndi zaka 230.

Tsopano za zaka zolembedwa pa botolo. Lija la mng'ono wanga, 10 anos, si la chaka chimodzi ayi. Ndi vinyo wa zaka zosiyanasiyana wosakanizidwa, wokhalitsa m'migolo mpaka kufiirira ngati uchi wakale. Aliponso a 20, 30 ndi 40. Wa chaka chimodzi wokhala m'mgolo zaka zosachepera 7 amamutcha Colheita. Koma mfumu ya onse ndi Vintage. Nyumba yamalonda siitulutsa chaka chilichonse. Imadikira chaka chomwe mvula, dzuwa ndi mphesa zagwirizana, kawirikawiri katatu pa zaka 10. Amakhala m'mgolo zaka ziwiri zokha, kenako m'botolo zaka 20, 30 kapena kuposa. Odziwa amatchula 1963, 1977, 1994 ndi 2011 ngati mayina a ana awo. Palinso 1931 ya kamunda kakang'ono ka Nacional ku Quinta do Noval, komwe mipesa yake ndi yosamezanitsa. Chinandikhudza n'chakuti ife timaloweza zaka za misozi: njala ya 1949, njala ya 2002, namondwe Freddy wa 2023. Chaka chomwe nkhokwe zinasefukira palibe amachikumbukira, chifukwa palibe chomwe chinatsala choti tiloze.

Kamwedwe kake nakonso kali ndi mwambo. Angerezi amamwa atatha kudya, m'tikapu tating'ono, ndipo botolo limayenda kumanzere, aliyense kuthira n'kupatsa mnzake, osaliimika pakhomo pake. Apa amafanana ndi chipanda chathu. Mabanja ena ankagula vinyo wa chaka chomwe mwana wabadwa n'kumusungira mpaka atakula. Afalansa amamwa asanadye. Nanga aganyu oponda mphesa aja? Kale chakumwa chawo chinali água-pé, madzi othiridwa pa makoko ofinyidwa kale. Wophika ndiye wodya mkute.

Musaganize kuti zonsezi zili kutali ndi ife. Mawu oti kachasu anachokera ku Chipwitikizi, cachaça, anakwera ndi Zambezi.  

Ndiye ndibwerere pa mfundo ija ndinati muigwire. Mphesa zimaola pa sabata imodzi. Vinyo wothira wotcheza amakhala zaka 40. Pakati pa ziwirizi ndi pomwe pali ndalama, ndipo zinkapita kwa mwini nkhokwe, pamodzi ndi dzina. Ine chaka chino ndinagulitsa soya mu April, sikelo ya venda itapachikidwa pa mtengo wa pamsika, chifukwa fizi ya mwana inali pakhosi. Ndinadziwa kuti ndikudzibera, koma ndikanatani? Ambiri a inu munachita chimodzimodzi ndi chimanga, ndipo mu January tidzachigula chomwecho pa mtengo wina.

Nkhani ya nyumba yosungiramo mbewu ya kalabu yathu yakhala ikugona zaka zitatu. Njerwa tinaumba, zikumera udzu kuseri kwa tchalitchi. Inu a m'tauni, mukatumiza ya chiliza timathokoza, koma tathandizaniko malata ndi simenti, amoyofe tipeze posungira. Ife a kuno tikumane Loweruka m'mawa pa bwalo la a mfumu, aliyense ndi khasu ndi ndowa. Amalume, inunso mubwere, koma thobwa lake likhala la mapira.

Botolo lija ndathiramo nthangala za maungu, lili pa shelefu. Khalani bwino nonse.