Mlandu Suwola, Koma Mboni Zimatha

Nkhondo ikatha asilikali amabwerera kwawo, koma milandu imene nkhondoyo yasiya imatsala ikuzengedwa zaka zambiri. Mlandu umene ndikufuna kukufotokozerani unacitika ku America, kutali ndi midzi yathu ino, ndipo panapita zaka zoposa 50 usanagamulidwe. Nkhani yake inagona pa funso limodzi. Msilikali amene anagwidwa ndi adani, n'kumenyedwa ndi kuvulazidwa ali m'ndende yawo, kodi bala lake n'lofanana ndi la mnzake amene anawomberedwa mfuti ili m'manja? Ambiri a ife tingayankhe msanga kuti bala ndi bala. Koma boma la America silinkaona conco, ndipo amuna ambiri anakalamba mpaka kumwalira akudikira yankho.

Mendulo yake

Asilikali a ku America amene avulala kapena kufa cifukwa ca mdani amapatsidwa mendulo yochedwa Purple Heart, kutanthauza mtima wofiirira. Ciyambi cake ndi pa 7 Agosto 1782, pamene George Washington, mkulu wa asilikali pa nthawiyo, analamula kuti msilikali wamba wocita bwino azimusokera kansalu kooneka ngati mtima pa malaya. Amene akudziwika kuti anakalandira ndi atatu okha, ndipo mwambowo unaiwalika. Unadzutsidwanso pa 22 Fevereiro 1932, patatha zaka 200 cibadwire Washington, pa nthawi imene Douglas MacArthur ankatsogolera gulu lankhondo la pamtunda. Kuyambira pamenepo ndi mendulo yacitsulo yokhala ndi nkhope ya Washington pakati.

Mendulo imeneyi imasiyana ndi zina. Mendulo ya kulimba mtima imadalira mkulu wa asilikali kuti akuyamikire. Purple Heart ndi ufulu wa munthu aliyense amene wakwanitsa zofunika zake: bala licokere kwa mdani, likhale loti linafunika dokotala, ndipo lilembedwe m'mabuku a gulu lankhondo. Mendulo yokhayo sibweretsa ndalama za mwezi ndi mwezi. Cimene imacita ndi kuikira umboni kuti dziko lavomereza zoti munthuyu anakhetsa magazi cifukwa ca ilo. N'cifukwa cake amene anamanidwa zinkawapweteka kwambiri.

Zimene zinacitika ku Bataan

Kuti timvetse kukula kwa mlanduwu, tiyambe ndi dziko la Philippines, limene pa nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse linali m'manja mwa America. Pa 9 Abril 1942, asilikali pafupifupi 75,000 amene anapanikizidwa pa ndomo ya Bataan anagonja kwa asilikali a Japan. Ambiri anali a ku Philippines komweko, ndipo a ku America anali oposa 10,000. Anali atafooka kale ndi njala ndi malungo. Anawayendetsa wapansi mtunda wa makilomita pafupifupi 100, dzuwa likuswa mtengo, madzi ndi cakudya zili zosowa. Wogwa panjira ankamenyedwa ndi thako la mfuti, kubayidwa kapena kuwomberedwa. Atafika ku San Fernando anawalongedza m'mabogi a sitima otsekedwa, kenaka anawayendetsanso mpaka ku msasa wa O'Donnell. Kumeneko, m'miyezi yocepa, kunafa Aamerica pafupifupi 1,500 ndi Afilipino oposa 20,000.

Otsala ambiri anatumizidwa ku Japan ndi madera ena kukagwira nchito yakalavula gaga m'migodi ndi m'mafakitale. Ankawatengera pansi pa sitima zonyamula katundu zimene zinalibe cizindikiro cosonyeza kuti muli akaidi. Pa 24 Outubro 1944, sitima yochedwa Arisan Maru inamizidwa ndi Aamerica anzawo amene sankadziwa zimene inanyamula. Munali akaidi pafupifupi 1,800, ndipo anapulumuka 9 okha. Pa asilikali a ku America pafupifupi 27,000 amene anagwidwa ndi Japan, 4 mwa 10 alionse sanabwerere kwawo. Amene anagwidwa ndi Germany, oposa 90,000, anafa mmodzi kapena awiri pa 100 alionse. Nkhondo ya ku Korea ya 1950 mpaka 1953 inabwerezanso zomwezo: pa akaidi oposa 7,000, anafera m'ndende pafupifupi 2,700.

Amene anabwerako anali ndi mano oguluka, nthiti zothyoka, misana yopindika ndi zipsera za zikoti. Koma atapempha Purple Heart cifukwa ca mabala amenewa, ambiri anauzidwa kuti sakuyenera.

Zifukwa zowakanira

Cifukwa coyamba cinali ca malamulo. Akuluakulu a asilikali ankamasulira kuti mendulo ndi ya bala la pa nkhondo, pamene magulu awiri akumenyana. Munthu akagwidwa ndiye kuti wacoka pa nkhondo. Kumenya mkaidi, iwo ankati, ndi upandu woletsedwa ndi mapangano a mayiko, si kumenyana kwa pa nkhondo, conco bala lake silingawerengedwe. Taonani mmene maganizo amenewa anapotokera. Kuipa kwa cimene mdani anacita ndiko kunasanduka cifukwa comana wolakwiridwayo ulemu wake. Kunena kwathu kuno, kuli ngati kuuza munthu wolumidwa ndi ng'ona kuti salandira cipepeso cifukwa ng'onayo inamugwirira pamtunda.

Cifukwa caciwiri cinali ca mapepala. Lamulo linkafuna kuti bala lilembedwe ndi dokotala wa asilikali. Nanga m'ndende ya mdani akanalemba ndani? Madokotala amene anagwidwa pamodzi ndi anzawo ankathandiza odwala popanda mankhwala okwanira, ndipo zimene ena analemba mobisa sizinapulumuke zonse. Mlonda amene wathyola mkono wa mkaidi sakakupatsa kalata yovomera.

Pa 25 Abril 1962, pulezidenti John F. Kennedy anasaina lamulo lofutukula malire a mendulo imeneyi, cifukwa asilikali ake anali atayamba kuvulala ku Vietnam kumene nkhondo inali isanalengezedwe. Kucokera pa tsikulo, akaidi ozunzidwa ndi adani anayamba kuwerengedwa, ndipo amene anamasulidwa ku Hanoi mu 1973 analandira mendulo zawo. Koma kusinthako sikunabwerere m'mbuyo. Ndiye kunapezeka kuti munthu womenyedwa ku Vietnam mu 1967 ali ndi mendulo, pamene womenyedwa cimodzimodzi ku Bataan mu 1942 kapena ku Korea mu 1951 alibe. Cimene cinkawasiyanitsa ndi deti basi.

Moto wa ku St. Louis

Tsoka linanso linagwa pa 12 Julho 1973. Nyumba yaikulu yosungiramo mafaelo a asilikali, pafupi ndi mzinda wa St. Louis, inapsa pa nsanjika yake yapamwamba. Mafaelo pakati pa 16 miliyoni ndi 18 miliyoni anawonongeka, ndipo panalibe makope ena osungidwa kwina. Pa mafaelo a asilikali a pamtunda amene anasiya nchito pakati pa 1912 ndi 1960, anatayika 80 mwa 100 alionse. Zaka zimenezi n'zomwe zikukhudza asilikali a ku Bataan ndi a ku Korea. Pepala la dokotala amene anawapima atangomasulidwa, limene likanasonyeza zipsera zikali zaziwisi, kwa ambiri linasanduka phulusa. Mpaka lero ogwira nchito kumeneko amalumikiza mbiri ya munthu kucokera pa mapepala a malipiro, mabuku a zipatala ndi ndandanda ya maina ya tsiku ndi tsiku ya magulu a asilikali.

Mmene mlandu unagamulidwira

Akaidi akale aja sanakhale cete. Anapanga mabungwe awo, ankasonkhana caka ndi caka, ndipo ankalembera aphungu awo mosatopa. Zotsatira zinabwera pang'onopang'ono. Mu 1985 nyumba ya malamulo inakhazikitsa mendulo ina ya aliyense amene anakhalapo mkaidi wa pa nkhondo kuyambira 1917, malinga ngati anasunga khalidwe loyenera ali m'ndende. Imeneyi inavomereza ukaidi, koma osati bala. Ndiye mu Fevereiro 1996 kunasainidwa lamulo lonena kuti mkaidi amene anavulazidwa tsiku la 25 Abril 1962 lisanafike, kaya pomugwira kapena ali kale m'ndende, aweruzidwe mofanana ndi wovulazidwa pambuyo pa tsikulo. Mnyamata amene anali ndi zaka 20 pa ulendo wa ku Bataan anali tsopano nkhalamba ya zaka 74.

Lamulo litatseguka, mtolo wa umboni unatsalabe pamutu pa wopempha. Iye kapena banja lake ankayenera kulembera gulu lankhondo, ndipo akakanidwa ankadandaula ku komiti yokonza zolakwika m'mafaelo a asilikali. Pamene mapepala panalibe, cimene cinkathandiza kwambiri ndi umboni wolumbirira wa anzake a m'ndende: munthu woti anene kuti ndinalipo, ndinaona mlonda akumumenya ndi fosholo mu mgodi wakuti, mwezi wakuti. Apa mpamene zaka 50 zakucedwa zija zinaonetsa kuipa kwake. Amene akanaikira umboni ambiri anali atamwalira, ena nzeru zitayamba kuthawa. Ndiponso matenda a njala ndi a m'mimba, amene anapha ndi kulumalitsa akaidi ambiri kuposa zikoti, sankawerengedwa ngati bala kwa munthu amene anabwerako wamoyo.

Za amene anafera m'ndende zinakonzedwa mu Outubro 2008. Unduna wa zacitetezo unalengeza kuti mkaidi aliyense amene anafa ali m'manja mwa mdani kuyambira pa 7 Dezembro 1941 aziganiziridwa kuti anafa cifukwa ca mdaniyo, pokhapokha patakhala umboni wamphamvu wotsutsa. Anayerekeza kuti zimenezi zikhudza anthu pafupifupi 17,000. Ine ndimaona kuti pamenepa mpamene cilungamo cinaima bwino, cifukwa mtolo wa umboni unacotsedwa pa banja la womwalira n'kuikidwa pa boma. Koma mendulo zimenezi anazilandira ndi ana, adzukulu ndi ana a alongo awo, makolo ndi akazi ambiri a malemuwo atatsikira kale kulicete.

Afilipino, amene anali ambiri pa ulendo uja

Sindingamalize osachula amene anali oculuka pa msewu wa ku Bataan. Mu Julho 1941 pulezidenti Franklin Roosevelt anaitana asilikali a ku Philippines kuti amenye nkhondo pansi pa ulamuliro wa America. Nkhondo itatha, lamulo la 1946 linanena kuti nchito ya ambiri a iwo isawerengedwe ngati usilikali wa America pa nkhani ya malipiro ndi cithandizo. Panapita zaka 63 kuti mu 2009 otsala amoyo apatsidwe ndalama kamodzi kokha: madola 15,000 kwa amene anakhala nzika za America, ndi 9,000 kwa ena onse. Pa amene anapempha, oposa theka anakanidwa, ambiri cifukwa maina awo sanapezeke pa ndandanda imene gulu lankhondo la America linalemba nkhondo itangotha. Anayenda msewu umodzi, anamenyedwa ndi alonda amodzi, koma pepala linawalekanitsanso.

Cimene ndatolapo

Nkhondo imeneyi sinatilambalale kwenikweni. Mu 1944 asilikali a King's African Rifles ocokera ku Nyasaland, tsidya lina la malire athuwa, anakamenyana ndi gulu lankhondo lomwelo la Japan m'nkhalango za Burma. Ndipo ife eni, amene tinaona nkhondo ya ufulu ndi ya zaka 16, tikudziwa mmene mapepala amatayikira: ena anapsera m'nyumba, ena anatsala pothawira ku Malawi, ena anadyedwa ndi ciswe m'sutikesi. Conco ndikamawerenga za nkhalamba za ku America zikufunafuna mnzawo mmodzi wotsala woti aziikire umboni, sindiziona ngati zacilendo.

Akuluakulu amati mlandu suwola, ndipo mbiri iyi ikuvomereza mawuwo: cimene cinakanidwa mu 1945 cinavomerezedwa mu 1996 ndi mu 2008. Koma ikutionetsanso mbali imene mwambiwo suchula. Dziko lolemera, lokhala ndi nyumba zikuluzikulu zosungiramo mafaelo, linafika podalira cikumbumtima ca nkhalamba ziwiri kapena zitatu zimene zinagona pa mphasa imodzi m'ndende. Kumene nkhalambazo zinali zitatha, mlandu unalipobe koma wouimira panalibe.

N'cifukwa cake ndikupempha inu amene mumatha kulemba, makamaka acinyamata a m'sukulu zathu. Ngati pamudzi panu pali gogo amene anapita ku nkhondo, kapena anagwidwa, kapena ali ndi cipsera cimene sacikamba kawirikawiri, mupempheni mwaulemu kuti akuuzeni, ndipo akakana musamukakamize. Akalola, lembani dzina lake lonse ndi dzina limene ankadziwika nalo ku nkhondo, malo, caka, gulu limene analimo, ndi maina a anthu amene anaona zimene zinamucitikira. Muwerengereni zimene mwalembazo kuti akonze polakwika, asaine kapena adinde cala pamaso pa mfumu. Mukope mapepala awiri, lina lisungidwe m'nyumba ina. Mwina palibe ofesi imene idzalifune pepalalo. Koma ikadzalifuna, kapena adzukulu akadzafunsa, lidzayankhula pa nthawi imene mwini wake ndi anzake onse sadzakhalapo.