Zithunzi Zimene Zinapulumuka Nkhondo

M'mabanja ambiri a ku Angónia, zithunzi zoyamba zinadza ndi amuna amene ankakagwira ntchito ku migodi ya ku Joni ndi ku minda ya ku Rhodesia. Pambuyo pake panabwera za maukwati ndi za ubatizo. Nkhondo itafika poipa mu 1986, anthu anathaŵira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Ena anamangirira zithunzi zawo m'nsalu, ena anazikwirira m'zitini. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, obwerera kwawo anapeza zina zitadyedwa ndi chiswe, zina zitamatirirana ndi chinyezi.

Ofulumira kuzikoka anasupula nkhope za makolo awo. Odekha anaziviika m'madzi oyera ozizira kufikira zitalekana zokha, naziyanika pamthunzi, nkhope zili m'mwamba. Zong'ambika anazimata kuseri ndi kapepala kopyapyala, pakuti selotepi imasiya banga losachoka.

Ntchito imene yatsalira ife, abale, ndi ya maina. Agogo odziŵa nkhope zimenezi akutha. Tiwafunse akali moyo, tilembe ndi pensulo kuseri kwa chithunzi chilichonse dzina, chiwongo, mudzi ndi chaka.