Kasungidwe ndi kabwezeretsedwe ka zojambulidwa za makamera achitetezo m'malo osungira fodya

Nyengo ya malonda a fodya ikamayandikira, mashedi a makalabu, madepoti ndi nyumba zosungiramo katundu za m'maesiteti a ku Kasungu zimadzaza ndi mabelo odikira ulendo wa ku msika wa Chinkhoma. Ena mwa eni malowa, kudzanso amalonda a pa boma la Kasungu, ku Santhe ndi ku Nkhamenya, anaika makamera achitetezo. Unduna ukufuna kukumbutsa anthu onsewa kuti kawirikawiri kamera payokha sisunga kanthu. Zonse zomwe imaona zimapita ku kompyuta imodzi yotchedwa seva, kapena ku kabokosi kojambulira komwe ogulitsa amakatcha DVR kapena NVR. Kabokosiko kakaonongeka kapena kubedwa, umboni wonse umapita nako.

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti makinawa amafufuta okha zomwe anajambula. Hard disk ikadzaza, zatsopano zimalembedwa pamwamba pa zakale, ndipo kawirikawiri mwini sachenjezedwa. Kamera imodzi yotumiza 2 Mbps usana ndi usiku imadya malo okwana pafupifupi 21 GB pa tsiku. Makamera asanu ndi atatu otere amadya pafupifupi 170 GB pa tsiku, kutanthauza kuti disk ya 2 TB imadzaza masiku 12 asanathe. Choncho ngati belo lasowa pa 1 May koma kalaliki wazindikira izi powerengera pa 20 May, zithunzi za tsiku lakubalo zidafufutika kalekale. Mwini makina aliyense afunse yemwe anamuikira kuti amuuze masiku enieni omwe disk yake imasunga, ndipo alembe nambalayo pakhoma pafupi ndi makinawo.

Palinso zoopsa zina zomwe anthu a m'dera lino amazidziwa bwino. Mphenzi za nyengo ya dzinja zimatsata mawaya a makamera a panja n'kuotcha makina. Fumbi la fodya limatseka timabowo tolowetsa mpweya, ndipo kutentha kwa mu October kumafupikitsa moyo wa disk. Kuthimathima kwa magetsi kumadula fayilo ili mkati molembedwa. Tonse tikukumbukira mdima womwe unadza namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022. Koma mdani wamkulu ndi mbava yochenjera. Iyo ikathyola shedi imayamba yanyamula kabokosi kojambulira, kenaka n'kutembenukira ku mabelo.

Njira yomwe akatswiri a makompyuta padziko lonse amalimbikitsa imatchedwa 3-2-1: pakhale makope atatu a chinthu chofunika, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo limodzi lisungidwe kutali ndi malo omwe makina ali. Mlimi saika mbewu yake yonse m'chigafa chimodzi cha udzu, podziwa zomwe moto umachita. Pa esiteti kapena pa depoti, kope loyamba ndi lomwe lili m'makina, lachiwiri likhale pa disk yonyamulika yomwe imatsekeredwa m'chipinda china, lachitatu lipite kunyumba kwa mwini kapena litumizidwe pa intaneti. Poti mtengo wa intaneti ndi wokwera, palibe chifukwa chotumizira zonse. Zokwanira ndi zithunzi za pa geti, pa sikelo, ndi za nthawi yopakira mabelo m'galimoto. Disk yonyamulika izichotsedwa pa makina kukopera kukangotha, chifukwa ikasiyidwa pomwepo, mphenzi kapena wakuba yemwe waononga makina adzaitenganso.

Ogulitsa ena amauza makasitomala kuti makina a ma disk awiri olemba zofanana, omwe amatchedwa RAID, athetsa nkhani yonse. Kunena zoona, amathandiza pokhapokha disk imodzi ikafa. Wantchito akafufuta dala zithunzi za usiku wina, zimafufutika pa ma disk onse awiri nthawi yomweyo.

Kuonjezera pa zithunzi, pafunika kusunganso fayilo ya makonzedwe a makina. Fayiloyi ndi yaing'ono kwambiri, koma ndiyo imasunga maina ndi maadiresi a makamera, ndondomeko ya nthawi zojambulira, ndi maina a anthu ololedwa kutsegula makinawo. Ilinso ndi mnzake, kaundula wosonyeza yemwe analowa m'makina ndi nthawi yomwe anatero. Kaundulayu ndi amene amaulula ngati kamera inazimitsidwa ndi munthu wam'kati.

Kubwezeretsa kuli ndi dongosolo lake. Makina akakana kuonetsa zithunzi, musavomere uthenga wopempha kufufuta disk n'kuiyambitsanso. Azimitseni, chotsani disk ndi kuisunga momwe ilili. Ngati mukukayikira kuti alowedwa ndi akuba a pa intaneti, zulani kaye waya wa intaneti, ndipo musalumikize disk ya kope lanu ku makina okayikitsawo. Pa makina okonzedwa kapena atsopano, yambani ndi fayilo ya makonzedwe, sinthani manambala onse achinsinsi, konzani tsiku ndi nthawi, kenaka bwezeretsani zithunzi. Nkhani ya nthawiyi isapepusidwe. Kabatire kakang'ono ka m'kati kakatha, makina amabwerera ku tsiku la ku fakitale magetsi akangothima, ndipo zithunzi zonena chaka cholakwika zimavuta kuzidalira pa mlandu.

Zoti akuba a pa intaneti amatseka makina n'kufuna dipo si nkhani ya maiko akunja okha. Mu February 2024, Mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira ziphaso zoyendera analowedwa ndi anthu omwe ankafuna kulipidwa, ndipo anati boma silipereka ndalamazo. Amalawi ofuna ziphaso anadikira kwa masabata angapo. Ngati zotere zinagwera makina a boma, kabokosi ka pa depoti komwe nambala yake yachinsinsi ikadali ya ku fakitale sikangalimbe.

Kope lomwe silinayesedwepo musalidalire. Kamodzi pa mwezi, ndiponso msika usanatsegulidwe, tengani disk ya kope, itseguleni pa kompyuta ina, ndi kufufuza zithunzi za tsiku ndi ola lomwe mwasankha. Makina ambiri amasunga zithunzi mu mtundu wa fayilo wa kampani yomwe inawapanga, choncho pulogalamu yoonetsera ikhale pa disk yomweyo.

Pa za malamulo, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limalola kuti uthenga wosungidwa pa makina ulandiridwe ngati umboni, ndipo bwalo limaona ngati unasungidwa modalirika. Pachifukwachi, perekani kwa apolisi kope losadulidwa, ndipo lembani dzina la wokopera, tsiku ndi nthawi. Lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe bungwe la MACRA limayang'anira, limateteza mbiri ya munthu, kuphatikizapo nkhope za antchito, matenanti ndi makasitomala. Ikani chikwangwani chodziwitsa kuti pamalopo pali makamera, ndipo zithunzi za woganiziridwa zipite ku polisi, osati m'magulu a WhatsApp kapena pa Facebook.